Mfuti za a Frank

Dzina langa litatuluka pa mayere a girini khadi, chilolezo chokakhala ku America, tinagwirizana ndi mkazi wanga Esinati kuti nditsogole ndekha, iye ndi mwana anditsatira ndikakhazikika. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa pulaimale kuno ku Ntcheu, ndipo mwana wathu Tadala anali atangoyamba sitandade wani. Pabwalo la ndege ku Lilongwe sanalire n'komwe. Anangondigwira chala n'kufunsa ngati ndibwera Loweruka. Ndinati ndibwera posachedwa.

Ku America ndinafikira ku Woodbridge m'chigawo cha Virginia, m'besimenti ya nyumba ya anthu ena, chipinda chapansi chokhala ndi kazenera kamodzi koonera mapazi a odutsa. Ndinkakhala ndi Yusufu wa ku Mangochi, amene ankayendetsa takisi. Iye ankadzuka m'mamawa kukaswali, ine n'kumadzuka nthawi yomweyo kuthamangira msewu wa I-95 magalimoto asanathithikane. Ntchito ndinaipeza ku Bethesda, m'nyumba yosamalira okalamba. Kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuwameta ndevu. Ambiri anali ndi matenda aja oiwala, moti tsiku lililonse ndinkadzitchula dzina ngati ndangofika kumene. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kumudzi, ndipo Lamlungu ndinkaimba foni. Umenewo ndiwo unali moyo.

Loweruka lina ndinapita ku Columbia Heights kukagula ufa. Dzuwa linali likuswa mtengo, anthu ali piringupiringu. Pobwerera ku galimoto ndinadutsa kanjira ka kuseri kwa masitolo, ndipo munthu wina atadziphimba kumutu anaima kutsogolo kwanga. Anandiloza mfuti pachifuwa. Sindikumbukira nkhope yake, ndimangokumbukira kabowo kakuda kaja. Anatenga chikwama ndi foni. M'foni imeneyo munali mawu onse amene Tadala ankanditumizira, kuyambira pamene ankalephera kutchula dzina la mzinda umene ndinkakhala.

Sanandipweteke, koma manja anga anayamba kunjenjemera. Ndinkati ndikagwira lezala kuti ndimete nkhalamba, ndinkayamba ndapuma kaye. Chitseko chikamenyetseka ndinkadumpha.

"Achimwene, thokozani Mulungu muli moyo, muiwale basi," anatero Yusufu.

Ine kuiwala kunandikanika. Kwathu mfuti timaziona ndi apolisi, asilikali ndi achifwamba, ndipo ndinali ndisanaigwirepo. Ndinkafuna kuchidziwa chinthu chimene chinandisandutsa mwana wakhanda masanasana. Pofufuza pa intaneti ndinapeza gulu la anthu okonda mfuti, ambiri a iwo a ku Virginia komweko. Ankaika zithunzi za mfuti zawo monga mmene Angoni kuno amaonetsera ng'ombe, n'kumakangana tsiku lonse za mafuta abwino opukutira chitsulo. Ndinawerenga kwa milungu ingapo ndisanalembe kanthu.

Tsiku limene ndinalemba, ndinayamba mwaulemu ngati mphunzitsi. Ndinapereka moni kwa onse, ndinafunsa za mabanja awo, kenako ndinafotokoza zimene zinandichitikira n'kufunsa mfuti yoyenera kugula. Moni wangayo anaseka nawo kwambiri. Mayankho anagwa ngati matalala: gula yakuti, ayi gula yakuti. Pakati pa onsewo panali yankho limodzi lalifupi, la munthu wotchedwa Frank. Anati: usagule kanthu, bwera Loweruka ku malo ophunzirira kuwombera, ndidzavala chipewa chobiriwira.

"Mukapita kukakumana ndi azungu amfuti m'tchire? Mwapenga?" anatero Yusufu. "Mundisiyire nambala ya kwanu ndidziwe kowauza."

A Frank anali bambo wamtali, wokalamba ndithu, wa manja aakulu okhakhala. Moyo wawo wonse anali makaniko wa mabasi, ndipo mkazi wawo anali atamwalira. Atandiona anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Ndiwe wa moni wautali uja?"

"Ndine."

Dzina langa linawakanika kutchula. Atamva kuti kwathu ndinali mphunzitsi, anangoti, "Basi, ndiwe Ticha." Gulu lonse limanditcha choncho mpaka lero.

Tsiku loyambalo sindinawombere ngakhale kamodzi. Anandigwiritsa mfuti yopanda zipolopolo mpaka mkono unalema, akubwereza malamulo awo. Mfuti iliyonse ili ndi chipolopolo, ngakhale wachotsa ndiwe wemwe. Usailozetse pa chinthu chimene sukufuna kuchiwononga. Chala chigone m'mbali mwa chitsulo, chisakhudze chowombera mpaka utatsimikiza. Ndipo woyang'anira malowo akafuula kuti, "Lekani kuwombera, tsegulani mfuti, ikani pansi," umamvera nthawi yomweyo ngakhale uli pakati poloza. Ndikalakwitsa pang'ono, sankakalipa. Ankangonditsitsa mkono n'kunena kuti, "Yambanso."

Nditafunsanso zogula yanga, anapukusa mutu.

"Mantha akadali m'manja mwako, Ticha, ndikuwaona. Ndipo wati eni nyumba pamwamba pako ali ndi ana ang'onoang'ono. Uziwombera zanga. Mantha akadzatha, udzandifunsenso."

Mantha atatha, ndinapeza kuti chilakolako chogulacho chathanso. Zaka zonse zimene ndinakhala m'gulu la okonda mfuti, sindinakhalepo ndi mfuti yanga. Chimene ndinkakonda chinali Loweruka lenilenilo: fungo la wonga, khofi wowawa wa m'fulasiki ya a Frank, ndi kukhala m'garaja mwawo masana tikupukuta zitsulo, iwo akusimba za mabasi akale. Tsiku lina ndinalemba pagulu za gogodela wa agogo anga aamuna, mfuti yothira wonga kukamwa, imene ankaopsezera nguluwe m'munda, ndipo ikalira inkawagwetsa chagada. Anthu aja anasangalala ngati ana. Anandifunsa mafunso sabata yathunthu, ena mpaka kujambula mmene akuganizira kuti inkaonekera. Kwa nthawi yoyamba m'dziko limenelo, anthu ankafuna kumva za kwathu, osati kungondifunsa ngati ndasintha kale zofunda.

Sikuti zonse zinali zokoma. Pagulupo panali munthu wina dzina lake Tom, amene nkhani iliyonse ankaikhotetsera kwa anthu obwera. Ankati tadzaza dziko lawo, tabweretsa umbava, tibwerere kwathu. Ndinkawerenga zimenezo pa nthawi yopuma kuntchito, manja akununkha sopo amene ndasambitsira makolo a anthu ngati iyeyo. Koma m'mawa wina m'nyengo yozizira galimoto yanga inafera pa I-95, chipale chikugwa. Yusufu sankayankha foni. Ndinalemba pagulu, ndipo amene anabwera ndi thiraki yake anali Tom. Anagona pansi pa galimoto pozizira pomwepo, anaikonza, anakana chilichonse, n'kundiuza kuti ndigule magolovesi abwino. Sabata yotsatira analembanso zomwe zija za anthu obwera. Ndinawadandaulira a Frank.

"Ndamuuza kambirimbiri," anatero. "Akamalemba zija saona nkhope ya munthu. Iwe wakuona. Sindikuti zimenezo zikukwanira, koma ndi mmene alili."

Mpaka pano sindinamumvetse Tom, ndipo ndinasiya kuyesa.

M'gululo munali mwambo umodzi umene a Frank anauyambitsa mnzawo wina atadzipha. Munthu akaona kuti zinthu zamuthina, kaya banja latha, kaya ntchito yatha, ndipo maganizo oipa ayamba kumubwerera, ankangolemba mawu ochepa. Wina ankapita kukatenga makiyi a kabati yake yachitsulo yosungira mfuti n'kuwasunga mpaka mtima utakhala pansi. Panalibe kufunsana mafunso, panalibe kusekana. Amuna ouma mitima aja, pa chinthu chimenechi anali ofewa modabwitsa.

Mapepala oti Esinati ndi Tadala anditsatire anali akuchedwabe, chaka ndi chaka. Banja lathu linathera pa foni, popanda wina kutukwana mnzake. Esinati anangoti watopa kudikira. Loweruka limenelo sindinapite kowombera. Masana ndinamva kugogoda pa kazenera kaja, ndipo nditayang'ana ndinaona nsapato za a Frank.

"Ulibe makiyi oti nditenge," anatero nditawafotokozera, "ndiye ndikutenga iweyo. Vala jekete."

Anandiyendetsa m'galimoto mpaka madzulo, osalankhula zambiri. Anachita zimenezo Loweruka lililonse mpaka ndinayambanso kuseka.

Kuiwala kwa a Frank kunayamba pang'onopang'ono. Nkhani imene alemba pagulu Lolemba, ankailembanso Lachitatu ngati yatsopano. Anthu ankangoti ndi ukalamba. Ine ndinkakumana ndi matenda oiwala tsiku ndi tsiku kuntchito, ndipo mtima wanga unayamba kulemera. Kenako tsiku lina kowombera kuja anasiya mfuti patebulo ili ndi chipolopolo, kukamwa kwake kutaloza kumene kunali anthu, iwo n'kupita kukafuna khofi. A Frank, amene ankanditsitsa mkono chifukwa cha kulakwitsa kochepa ngati kanjere! Ndinaitsegula mwakachetechete n'kuchotsa chipolopolocho. Pobwerera ndinawauza m'galimoto. Iwo anati, "Sindinachitepo zimenezo ine." Sankakana. Ankadabwa.

Ndinaimbira foni mwana wawo wamkazi, Carol, amene ankakhala kutali ndi banja lake. Analira, nati wakhala akuziona koma amaopa kuwauza za mfutizo, chifukwa ndi zokhazo zimene zinawatsalira mayi ake atamwalira. Tinagwirizana kuti abwera kumapeto kwa mwezi tidzakambirane nawo pamodzi.

Mwezi usanathe, ndinapita kwawo Loweruka monga mwa masiku onse. Ndinagogoda. Chitseko chinatseguka, ndipo a Frank anaima pakhomo atavala malaya ogonera, mfuti ili m'manja, italoza pamimba panga.

"Ndiwe ndani? Ukufuna chiyani pakhomo panga?"

"A Frank, ndine Ticha."

"Sindikukudziwa. Choka!"

M'maso mwawo munalibe chidani, munali mantha okhaokha, ngati a nkhalamba zanga za ku Bethesda zikadzuka n'kupeza munthu wachilendo m'chipinda. Miyendo yanga inafuna kuthawa, koma ndinadziwa kuti kutembenuka mwadzidzidzi kukhoza kuwadzidzimutsa. Ndinayang'ana dzanja lawo. Chala chinali chitagona m'mbali mwa chitsulo. Mutu unali utandiiwala, koma dzanja linali likusungabe lamulo. Ndiye ndinakweza mawu ngati woyang'anira kowombera kuja:

"Lekani kuwombera! Tsegulani mfuti, ikani pansi!"

Manja aja anamvera. Anaitsegula, anachotsa zipolopolo, anaiika pa katebulo ka pakhomo, n'kubwerera m'mbuyo monga timachitira. Kenako anandiyang'ana, anayang'ana mfuti ija, anandiyang'ananso.

"Ticha," anatero. "Mulungu wanga, Ticha. Ndimati nditani?"

Anakhala pansi pamasitepe n'kuyamba kulira, bambo wamkulu ngati uja. Ndinakhala pambali pawo. Patapita nthawi anapisa m'thumba n'kundipatsa makiyi a kabati yachitsulo.

"Zichoke zonse," anatero. "Lero lomwe, ndisanaiwale kuti ndavomera."

Ndinaimbira Carol, kenako ndinalemba pagulu. Anabwera anthu angapo, Tom ali patsogolo ndi thiraki yake. Mfutizo tinazinyamula zokulunga m'mabulangete kupita nazo ku sitolo ya mfuti imene inavomera kuzisunga mpaka Carol atabwera. A Frank anaima pakhomo la garaja akutchula mbiri ya iliyonse ikamadutsa: iyi inali ya bambo anga, iyi anandigulira mkazi wanga. Palibe amene anayang'ana mnzake kumaso.

Patangopita masiku ochepa, anaiwala kuti anavomera. Anapeza kabati ili pululu, ndipo chimene chinatsala m'mutu mwawo chinali nkhope yanga ndi makiyi ali m'manja mwanga. Analemba pagulu kuti munthu wina wakuda wa ku Africa anawanyengerera n'kuwabera mfuti zawo zonse, ndipo aliyense asamale naye. Ndinawerenga nditaima m'khonde la kuntchito, nditanyamula zofunda zonyowa. Mfuti ya ku Columbia Heights ija sinandilase ngati mawu amenewo.

Anthu atsopano pagulu, osadziwa nkhani, anayamba kale kulusa. Amene anawaletsa anali Tom. Analemba kuti iye analipo, ananyamula nawo, ndipo aliyense wonena zoipa za Ticha ayambe wakumana ndi iye. Oyang'anira gulu anafufuta zonsezo, koma a Frank ankalembanso, mawu omwewo, mpaka Carol anawalanda kompyuta.

Anawapezera malo m'nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Woodbridge. Ulendo woyamba kukawaona, anandikuwiza kuti wakuba, ndipo anamwino anandipempha kuti ndituluke. Ndinakhala m'galimoto osatha kuiliza. Yusufu anati ndisapitenso, ndikudzizunza chabe. Koma ndinkadziwa mmene matendawa amayendera: ngakhale mkwiyo umadzaiwalika. Ndinadikira miyezi ingapo n'kupitanso. Anandilandira mwaulemu ngati wantchito wa pamenepo. Ndevu zawo zinali zitakula mosasamalika, ndiye ndinapempha lezala ndi madzi ofunda. Kuyambira pamenepo Loweruka langa linakhala limenelo. Ndinkawameta, kuwawenga zikhadabo, kuwawerengera zimene anzathu alemba pagulu. Sananditchulenso Ticha. Tsiku lina ndikuwapukuta kumaso anandigwira mkono n'kunena kuti, "Uli ndi manja odekha, mnyamata iwe. Anakuphunzitsa ndani?" Ndinati anandiphunzitsa makaniko wina wa mabasi. Anati ayenera kuti anali munthu wabwino.

Mawondo ndi msana zitayamba kukana ntchito yonyamula anthu, ndinaganiza zobwerera kumudzi. Ndinakawatsanzika a Frank ali mtulo pampando, ndipo sindinawadzutse.

Kuno ndinapeza mayi anga ali m'manda, Esinati ali pabanja lina ku Balaka, azibale akundiyang'ana m'manja kuposa kumaso. Tadala anali atakula, namwino ku Lilongwe, ali ndi mwamuna ndi mwana. Anandilandira bwino, anagwada popereka moni, anandiphikira. Koma ulemu wake unali wa mlendo wolemekezeka. Tikakhala awiri, nkhani inkatha msanga, tonse n'kumayang'ana mwana akusewera.

Uthenga unandipeza m'mawa wina ndikuthirira mbewu kudimba. Anali Carol, kundiuza kuti bambo ake apita mwamtendere. Pagulu anthu anali atayamba kale kulemba zowakumbukira. Ndinakhala pa mzere wa kabichi, foni ili m'manja. Kwathu kuno munthu akaferedwa sakhala yekha: anthu amabwera, amuna amakhala panja, amayi amalowa m'nyumba, nyimbo zimayamba. Koma ndikanauza ndani? Ndikanati ndaferedwa mzungu wokonda mfuti amene anafa akundiyesa wantchito? M'mudzi monse munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lawo.

Ndinaimbira Tadala. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinangoti, "Mwanawe, ndaferedwa."

"Ndani, bambo?"

"Mnzanga wa ku America. Sumudziwa."

Anati pepani, foni n'kuduka. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma tsiku lotsatira masana ndinamuona akutsika pa kabaza, atavala chitenje ndi duku ngati wopita pamaliro enieni. Anayala mphasa pakhonde n'kukhala pansi, ine ndili pampando.

"Ndabwera kudzakhuza," anatero. "Ndiuzeni za malemuwo."

Ndinamuuza zonse, kuyambira kanjira ka ku Columbia Heights mpaka lezala ndi madzi ofunda. Sindinayambe ndalankhulapo naye nthawi yaitali choncho. Ankamvetsera atazolika, akuthothola ulusi wa m'mphepete mwa chitenje. Nditamaliza anafunsa:

"Ndiye ankakutukwanani, osakudziwani n'komwe, inu n'kumapitabe?"

"Ndinkapitabe."

"Loweruka lililonse?"

"Eya."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Atadzutsa nkhope, m'maso mwake munali misozi, koma mawu ake sananjenjemere, ndipo munalibe mkwiyo.

"Anali ndi mwayi bambo amenewo," anatero. "Kani mumatha kukhala ndi munthu osamusiya. Ine sindinkadziwa."

Sanadikire yankho langa. Anakhalabe pamphasapo, monga amachitira wokhuza maliro, mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamsewu. Kenako anaimirira, anakung'untha chitenje, nati mawa ali ndi shifiti ya m'mawa. Ndinamuperekeza kukakwera minibasi, ndipo njira yonse tinayenda moyandikana.